Muisiye Mmene Munaipezera

Loweruka m'mawa Aphunzitsi ankasamuka m'nyumba ya lendi, ndipo a Landilodi anafika ndi kope m'khwapa kudzaona zowonongeka. Dipoziti ya mayiyu anaidya kalekale, choncho anabwera atatsimikiza mtima kupeza zodula zokwana ndalama yonseyo.

"Eee, taonani!" anatero a Landilodi, akuloza kukhoma. "Misomali itatu. Apa pokha ndikudula kota."

"Iwiriyo ndinaipeza, Bambo. Wanga ndi wapakatiwo."

"Khoma silidziwa mwini msomali. Nanga pentiyu? Ine ndinakupatsani nyumba yotuwa."

"Inali yakuda ndi utsi. Ndinapenta ndine."

"Mwavomera nokha!" A Landilodi analemba mofulumira, mtima ukuvina. "Pepala lija munasaina likuti chiyani?"

"Likuti ndiisiye mmene ndinaipezera."

"Basitu! Kalikonse kosiyana, ndikudula."

"Kalikonse?"

"Ngakhale kochepa ngati nsabwe."

Aphunzitsi anagwedeza mutu mwaulemu, n'kulowa kuchipinda. Anatuluka akukoka thumba lolemera, sipanala ili m'manja, n'kulunjika kukhitchini.

"Mukutani, Madamu?"

"Ndikuchotsa mpopi wanga. Wanu uli m'thumbamu. Ndinausunga pamodzi ndi mphira munamangira uja."

"Ayi, mpopiwo usiyeni."

"Ndiye mundidula. Ndi wosiyana."

A Landilodi anayang'ana kope lawo. Akanena kuti sadula, dipoziti akaitenga kuti? "Chabwino, chotsani! Mwayesa ndingaope?"

Mpopi wakale uja unabwerera pamalo pake n'kuyamba ntchito yake nthawi yomweyo: tho, tho, tho.

"Wadontha bwino," anatero Aphunzitsi mokhutira. "Unkamveka chomwechi. Tandigwirirani chitsekochi, Bambo."

"Chitseko chalakwanso chiyani?"

"Loko ndi wanga. Ndinapeza waya wopinda ndi mwala wotsamiritsa. Mwalawo uli panjapo, ndimaukhalira pochapa."

"Iii, Madamu, inunso! Munthu amasunga mwala zaka zinayi?"

"Si wanga. Ndikanautaya mukanandidula."

A Landilodi anangozindikira agwira chitseko ndi manja awiri, kope lili pakamwa. Loko anatuluka, waya analowa. Kenako Aphunzitsi anasolola katoni yakale yopindikapindika n'kuyang'ana zenera.

Apa a Landilodi anadzidzimuka. Mawa lake kunkalowa banja latsopano, lomwe linalipira kale miyezi itatu. Mkazi wa m'banjamo anakonda nyumbayi chifukwa cha zenera lomwelo, mpaka anagogoda galasi ndi chala n'kumwetulira.

"Galasilo ndi langa," anatero a Landilodi, atalavula kope.

"Lanu linali katoni iyi, Bambo. Onani, mbali iyi munalembapo nokha kuti 'tikonza sabata yamawa'."

"Ndimati ndikonza!"

"Ndikudziwa. Ndinadikira masabata ambiri ndithu."

"Munthu wophunzira ngati inu, simumva zinthu mwachidule? Ine ndikunena zowonongeka!"

"Munati kalikonse kosiyana. Mpaka munatchula nsabwe." Aphunzitsi anaima kaye, nkhope ili ndi nkhawa. "Zimenezo pepani, Bambo. Nsikidzi ndinazipeza muno zija ndinapha zonse. Koma a neba akuti angathe kundigawirako."

"Musayerekeze!"

"Ndiye apo pokha mudule."

A Landilodi anatsegula kope kuti alembe, koma analitsekanso. Adule munthu chifukwa chopha nsikidzi? Nkhaniyi itamveka kunja, angayende bwanji mumsewu?

"Muli ndi makwerero?" anafunsa Aphunzitsi.

"A chiyaninso?"

"Malata awiri a kuchipinda ndi anga. Anu obowoka aja ali kuseri. Mabeseni otchera madzi ndikusiyirani ulere. Za khomali, ndisonkha moto pakati pa balaza, pofika madzulo likhala litada."

"Mayo ine!" A Landilodi anathamanga n'kukaima pakhomo, manja atatambasula. "Madamu, mlongo wanga, tiyeni tikambirane ngati anthu. Musachotsenso kanthu. Bwezerani mpopi, bwezerani loko."

"Nanga pepala lija?"

"Pepala ndi pepala! Ndaling'amba mumtima."

"Dipoziti yanga?"

"Yonse! Yathunthu!" Mawu anatsika. "Kungoti mwezi ukatha. Panopa yapita kokayenda pang'ono."

Aphunzitsi anaganiza kwa kanthawi, akupukuta sipanala ndi kansalu.

"Chabwino, Bambo. Mpopi, loko, galasi ndi malata ndikubwerekani mpaka mwezi uthe."

"Mulungu akudalitseni, Madamu!"

Aphunzitsi anatola kope lija, n'kutsegula tsamba loyera, n'kuwapatsira cholembera.

"Sainani apa. Koma muyambe mwapereka dipoziti ya zinthuzi. Anthu a masiku ano mumawononga zinthu za eni."