Galamafoni ya Malemu Paxton

Sumaila wakhala akukonza mawailesi ndi masipika kuseri kwa msika wa Tsoka kwa zaka makumi awiri, ndipo amadziwika ndi khalidwe limodzi: ukamufunsa funso amayankha lomwelo, osaonjezerapo ngakhale kamchere. Lachinayi lina m'mawa munalowa a Maynard Kaliwo a ku Area 14, mkulu wopuma pantchito ya boma, atafukata galamafoni yokulunga m'chitenje ngati mwana wodwala.

"Yawonongeka," anatero a Kaliwo akuitsitsa patebulo.

"Ikutani, bambo?"

"Siikuimba."

Sumaila analumikiza mawaya, n'kutsitsa singano pachimbale chimene chinali momwemo. Limba linayamba kulira chapansipansi. Kenako kunamveka mphepo ndi timbalame.

"Ikuimba," anatero.

"Mwamvapo munthu?"

"Ayi."

"Ndiye akuimbayo ndani?"

"Limba."

"Limba limalira, a Sumaila. Woimba ndi munthu."

A Kaliwo anakoka mpando n'kulongosola. Galamafoniyo inali ya mkulu wawo, Paxton, amene anakaphunzira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 n'kubwerako ndi zimbale zodzaza sutikesi. Anamwalira chaka chatha. Loweruka la sabata lomwelo kunali kudzachitika mwambo wovundukula chiliza, ndipo mkazi wa malemu, mayi Leticia, anapempha chinthu chimodzi chokha: pamandapo pamveke nyimbo imene amuna awo ankaikonda. Anachita kuloza chimbale chake. Abusa anapereka mphindi zitatu.

"Dzulo ndinadikira mphindi zinayi," anatero a Kaliwo. "Palibe anatsegula pakamwa. Ndinazimitsa."

"Mwina woimbayo anali asanafike."

"Akuchokera kuti? Ku Mchinji?"

"Sindikudziwa kumene amakhala."

A Kaliwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sumaila anali kuyang'ana singano.

Ng'oma zinalowa. A Kaliwo anaimika chala.

"Eya, imvani tsopano. Ikutsimphina."

Sumaila anatchera khutu, akuwerenga ndi zala. Anabwerezanso kawiri.

"Zikugunda kasanu n'kawiri."

"Mwaona? Ine ndaimba kwaya zaka makumi atatu. Nyimbo imayenda zinayi zinayi. Zinayi kuphatikiza zinayi ndi zingati?"

"Zisanu n'zitatu."

"Nanga imodzi yapita kuti?"

"Sanaiikemo."

"Yagwera m'kati. Tsegulani muione."

Sumaila sakana ntchito. Ananyamula singano, kugadabuza galamafoni, kumasula tizitsulo tinayi ta pansi, n'kuunikamo ndi tochi ya pafoni.

"Mwapeza chiyani?"

"Mphemvu."

"Yamoyo?"

"Inafa kale. Mwina isanabadwe Area 14."

"Ndiye ndi imeneyo inadya."

"Mphemvu siidya ng'oma, bambo."

"Mumazidziwa zonse zimene mphemvu imadya?"

Sumaila anaganiza kaye. "Ayi."

"Basi. Ichotseni, tiyesenso."

Anaichotsa, kutseka, n'kubweza singano pamene anasiyira. Ng'oma zinapitiriza kugunda kasanu n'kawiri. Mwadzidzidzi zonse zinangoti zii. M'kashopumo munkangomveka mahutala a maminibasi ndi mayi wina wotsatsa mabulangete a kaunjika.

"Yafa," anatero a Kaliwo mokhutira.

"Ikuzungulira."

"Ngakhale nkhuku yodulidwa mutu imazungulira."

Pomwepo gitala inaphulika ngati galimoto yaphulitsa tayala. A Kaliwo anagwira chipewa chawo. Gitalayo isanathe n'komwe, kunalowa chitoliro chodekha ngati cha m'tchalitchi.

"Yasintha siteshoni."

"Galamafoni ilibe siteshoni."

"Ndiye yadumphira nyimbo ina."

Sumaila anawerama n'kuyang'ana mizere ya pachimbale. "Palibe ina. Mbali yonseyi ndi nyimbo imodzi."

"Imodzi?"

"Alemba kuti mphindi makumi awiri ndi zitatu."

"Umenewo ndi ulaliki, osati nyimbo."

Sumaila anatenga chikuto cha chimbalecho. Kutsogolo anajambulako nsomba yovala jekete ikukwera makwerero. Kumbuyo kunali azungu asanu atakhala pamsipu, tsitsi mpaka m'mapewa. Analemba dzina la gululo pafoni n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Akuti mtundu wa nyimbozi ndi pulogiresivu loko."

"Loko! Ndimanena ine. Yalokeka. Itsekuleni."

"Si loko wa pachitseko. Ndi Chingelezi. Mwala."

"Nanga pulogiresivuyo?"

"Wopita patsogolo."

"Mwala wopita patsogolo."

"Eee."

"A Sumaila, munauonapo mwala ukupita patsogolo?"

"Pa phiri la Nkhoma. Unatsala pang'ono kupha mbuzi."

A Kaliwo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anati achita zaka makumi atatu ndi zisanu ku Capital Hill, ndipo mawu akuti kupita patsogolo anawalembapo m'malipoti osawerengeka. Nthawi zonse ankatanthauza kuti chinthu chachedwa.

Pa mphindi yachisanu n'chinayi kunamveka mawu a munthu, oonda, okwera m'mwamba ngati a kamtsikana ka Sande sukulu.

"Afika," anatero Sumaila.

"Ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi?"

Sumaila anayang'ana kumbuyo kwa chikuto. "Onse ali ndi ndevu."

"Ndiye makina akuthamanga. Chepetsani."

"Ali pa liwiro la sate-firii, limene alemba pachimbale."

"Munthu wandevu sangatulutse mawu amenewa popanda kumuponda."

"Pachithunzipa palibe akumuponda."

Woimbayo anaimba mizere inayi n'kukhala chete. Limba linabwereranso.

"Wapitanso?"

"Wapita."

"Kudikira konse kuja?"

"Eee."

A Kaliwo anatsamira mpando. Sumaila anaganiza kuti akukonza mlandu wina, koma atatsegula pakamwa mawu awo anali atatsika.

"Lamulungu lililonse masana achimwene ankadzitsekera kuchipinda. Ife tinkati akugona. Mlamu wanga ndi amene ankadziwa kuti akumvera zimbale." Anapukusa mutu. "Munthu uja sankayankha funso molunjika. Umufunse za feteleza, ayamba za sitima ya pamadzi, apite ku za agogo athu, akhale chete, iwe n'kudzuka kuti watha, iye n'kuyambiranso. Paukwati wanga analankhula mphindi makumi anayi. Dzina la mkwatibwi analitchula kamodzi, chakumapeto."

"Analitchula bwino?"

"Bwinobwino. Anthu analira."

Ng'oma zinabwerera, gitala ndi chitoliro zikupikisana pamwamba pake. Sumaila anayang'ana pansi pa tebulo. Nsapato yakumanja ya a Kaliwo inali ikugunda simenti, ndipo iye anawerenga.

"Phazi lanu likugunda kasanu n'kawiri."

"Ndi nyamakazi."

"Nyamakazi imagwirizana ndi ng'oma?"

"Yang'anani ntchito yanu."

Sumaila anayang'ana ntchito yake. Chakumapeto kwa chimbale zida zonse zinasiya, kutsala limba lokha. Linakwera timawu tinayi, kuima, n'kuyambiranso timawu tomweto. Kukwera, kuima, kuyambiranso. Sumaila anaona singano ikunjanja pang'ono n'kubwerera mumzere womwewo nthawi iliyonse chimbale chikazungulira. Anayang'ana a Kaliwo. Anali atatsinzina, chipewa chili pabondo. Palibe anamufunsa kanthu, ndiye anakhala chete.

Panadutsa mphindi imodzi. Panadutsa ziwiri. Munthu wina anasuzumira pakhomo ndi wailesi m'manja, kumvetsera pang'ono, n'kubwerera.

"Apa," ananong'ona a Kaliwo. "Apa ndiye pali nyimbo."

Sumaila anayang'ananso singano.

"Mukumva mmene akubwerezera? Akufuna kutsanzika, koma mtima ukukana. Afika pakhomo, abwerera. Afika pakhomo, abwerera. Achimwene enieni. Kuchipatala anatitsanzika katatu." Anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. "Mphindi zitatu za abusa zikhala zimenezi. Mlamu wanga akamva pamenepa adziwa kuti sitinamutaye mwamuna wake."

Limba linakwera timawu tinayi, kuima, n'kuyambiranso.

"Ndikupepeseni, a Sumaila. Ndakuvutitsani chabe. Munthu ukakula umafulumira kuweruza. Galamafoniyi ilibe vuto, si choncho?"

Limenelo linali funso.

"Ili nalo."

A Kaliwo anatsegula diso limodzi.

"Chimbale chinakalika. Singano yakakamira pamalo amodzi. Yakhala ikuzungulira pomwepo mphindi zisanu."

"Zisanu."

"Tsopano zikukwana zisanu n'imodzi. Nyimbo yeniyeni yatsala pang'ono kutsogoloku. Ndingoikankha pang'ono, idutsa."

Anatambasula dzanja. Chala chisanafike pasingano, a Kaliwo anali atamugwira pamkono, mwamphamvu kuposa mmene munthu wa nyamakazi amagwirira. Analibweza dzanjalo patebulo bwinobwino, n'kutsinzinanso.

"A Sumaila," anatero, "inu dziwani za mawaya. Za pulogiresivu tisiyireni eni akefe."