Nkhwangwa Imene Inabwerera Mutu Wanga

Abale anga mwa Ambuye, a kuno ku Khuyu pachilumba chathu ndi nonse owerenga, mtendere ukhale nanu. Mumandiona ndikutsimphina popita kutchalitchi ku Chipyela, ndipo ena mumanong'ona kuti inali ng'ona. Si ng'ona ayi, ndi paipi. Lero ndinene zonse, ngakhale zili zamanyazi.

Chaka chatha ndinakacheza kwa mlamu wanga Yohane kumapiri a ku Nkhata Bay. Mudzi wawo uli ndi magetsi awoawo. Anapatutsa mtsinje ndi ngalande, madzi amagwera m'thanki ya simenti, n'kutsetsereka m'paipi yaikulu mpaka kumakina opangira magetsi kunsi kwa phiri. Paipiyo anakwera nayo okha pamutu. Koma panali udani ndi alimi a kumtunda, amene ankatseka ngalande kuti athirire madimba, moti anali atatemanapo kale ndi zikwanje.

M'mawa wina magetsi anayamba kuphethira chifukwa cha zinyalala za mvula, pomwe Yohane, woyang'anira thanki, ali gone ndi malungo. Anandiuza kuti, "Alamu, musakakhudze kanthu kumeneko." Ndinaseka chamumtima. Ine mwana wa pachilumba, womira pansi kukakolola ukonde wokodwa pamiyala mphepo ya mwera ili pakati, ndiope kathanki? Ndinakwera ndekha kuti ndikachotse zinyalalazo, ndinavula shati n'kulowa osatseka ngalande. Sindinadziwe kuti sefa ya pakamwa pa paipi inali itathyoka.

Madzi a m'nyanja amakankha, abale, koma awa amakoka. Paipi inandimeza ntchafu, ndinamva mnofu ukung'ambika. Thupi langa linasanduka chotsekera, madzi n'kukwera mpaka pachibwano. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Mantha anandigwira, ndinaona ana anga akudikira bokosi la maliro anga padoko. Ndinangoti, "Ambuye, nditumizireni munthu, ngakhale mdani."

Kumudzi magetsi anazimiratu, chigayo chinaima ndi chimanga m'kamwa. Anthu anati ndi a kumtunda aja atsekanso, ndipo anakwera phiri ndi zikwanje ndi miyala. Ataona mutu wachilendo m'thanki sanafunse. Mwala unanditsegula pachipumi, madzi anafiira. "Ameneyo! Mupheni!" A Longwe, woyendetsa chigayo, anandiimirira pamwamba nkhwangwa ili m'mwamba.

Ndinalavula madzi n'kukuwa, "Ndine mlamu wa Yohane! Paipi yandigwira!"

Amuna anayi anandikoka mikono mpaka phewa linaguluka, koma paipi sinandisiye. Ndipamene a Longwe analumphira kuseri kwa thanki n'kuyamba kutema paipi ndi nkhwangwa ija. Anatema paipi ya mudzi wawo, ena akulira kuti asiye. Mpweya utalowa, mwendo unamasuka, ndipo anandizula ngati chinangwa.

Mudzi unakhala wopanda magetsi miyezi iwiri chifukwa cha matama anga. A Longwe atabwera kudzandizonda kuchipatala ndinalephera kuwayang'ana, ndinangolira. Iwo anati, "Lekani zimenezo, achimwene. Paipi tisenzanso. Nanga maliro a mlendo tikanawoloka nawo bwanji nyanja?"

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa ndendende mmene ndinapempherera. Inu amene madzi akufikani pachibwano lero, musaleke kufuula. Ine ndinapempha munthu, Iye ananditumizira gulu lodzandipha, ndipo ndilo linandinyamula pamachira kutsika nane phiri.