Golovesi ya Skander

Pa siteji ya minibasi ku Sousse, Naziha ankadikira kuti galimoto yopita ku Tunis idzaze. Anali atakumbatira chigolovesi chachikopa, akumwetulira yekha. Bambo wina wosamudziwa, wonyamula dengu la malalanje, anaima pambali pake.

"Mayi, golovesi imodzi yokha? Dzanja linalo silimva kuzizira?"

"Ndi ya mwana wanga Skander. Amutenga ku Japan kuti akasewere besibo. Ndege ikunyamuka madzulo ano, ndiye m'chisangalalomo waiiwala pansi pa bedi."

"Besiboyo ndiye chiyani?"

"Wina amaponya kampira, wina n'kukamenya ndi chibonga, kenako liwiro."

"Kuthawa mwini zenera losweka?"

Naziha anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. "Mwalasa, bambo. Aneba onse anatida. Atate ake anathyola zibonga ziwiri, ati palibe munthu wanzeru amasewera zimenezi. Lero ndi omwewo akulalikira pakhomo la mzikiti kuti ku Cuba, ku Korea ndi ku Venezuela anthu amazikonda kuposa chakudya."

"Nanga ku Japanko kulibe magolovesi?"

"Aliko. Koma iyi ndinaisoka ndekha itang'ambika, ndipo akuti popanda iyo sawakha kanthu. Taonani, kwatsala mpando umodzi, dalaivala akuti sanyamuka."

"Ine ulendo wanga ndi wa ku Kairouan."

"Muyende bwino."

"Ayi, tasunthani ndikwere. Mkazi wanga ndikamuuza kuti malalanje ake achedwa chifukwa dziko linandifuna."