Mkazi wanga ndinkamukiyira m'nyumba

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Azibusa anzanga amene mwakhala kutsogoloku, amayi abusa, akulu a mpingo, landirani moni. Ine ndine mbusa wochokera ku Nayuchi, kumalire kuja kumene njanji imalowera ku Mozambique. Ambiri mumandidziwira mawu, chifukwa ndikagwira Baibulo sindifuna chimkuzamawu. Koma lero ndilankhula motsitsa. Zimene ndinene pano si zonyadira, ndipo amene andiloleza kuzinena ndi mayi akunyumba, a Esinati.

Akuluakulu a mpingo atatituma ku Nayuchi tinapeza kampingo ka anthu ochepa, ndi nthambi ina kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Anansi athu ambiri anali Asilamu. Ana athu awiri tinawasiya ku Nsamala kwa agogo awo chifukwa cha sukulu, ndiye m'nyumba tinali awiriwiri. Ntchito inayenda. Ndinkapempherera odwala, ena n'kumapeza bwino, mbiri n'kufika mpaka kwa asodzi. Mpingo unakula. Nanenso mutu unakula.

Koma ubusa uli ndi chinthu chimodzi chimene sanatiphunzitse kusukulu. Ulemu umasungulumwitsa, abale. Ukafika pamene azibambo akusewera bawo, nkhani imathera pomwepo, wina n'kuthamangira mpando. Pamaliro amakulowetsa m'nyumba kuti udye wekha, anzako akucheza pansi pa mtengo. Aliyense amabwera kudzatula mtolo wake pakhonde pako. Wako ulibe koutula. Ine ndinazolowera, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mbusa sakhala ndi mtolo.

Chaka china nthawi ya dzinja, a Esinati anadwala malungo aakulu. Anachira, tinayamika. Patapita miyezi iwiri, m'mawa wina akusesa m'nyumba, anangogwa. Thupi kuuma, maso kutembenuka, thovu kukamwa. Ndinapemphera, anatsitsimuka. Sabata yotsatira anagwanso. Atagwa kachitatu, matendawo ndinawadziwa. Khunyu, abale. Matenda akugwa.

Mukudziwa zimene anthu kwathu kuno amanena za matenda amenewa. Ena amati ndi ziwanda. Ena amati ukakhudza thovulo, nawe utenga. Ndiye ine ndinadzifunsa kuti, munthu wopempherera odwala a eni, m'nyumba mwake muli zotere, adzamumvera ndani? Sindinafunse kuti mkazi wanga akumva bwanji. Ndinafunsa kuti anthu anena chiyani.

A Esinati anandipempha. Anati, "Abambo, tiyeni kuchipatala."

Ndinati, "Iyayi, kuchipatala kuli maso ambiri. Tisale kudya, Mulungu ayankha."

Tinasala. Tinasalanso. Anagwabe.

Lachinayi lina amayi a mpingo anafika pakhomo. "Odi, amayi abusa alipo? Sitikuwaona masiku ano." Ine ndinatuluka, ndinaima pakhomo mmene amaimira mlonda, ndinati, "Apita kwawo ku Nsamala, akukasamalira mayi awo." Ndi pakamwa pomwepa, pamene ndimadalitsira mgonero. A Esinati anali kuchipinda, akumva zonse.

Bodza limafuna kulidyetsa tsiku ndi tsiku. Madzi ndinayamba kutunga ndekha kumjigo, amayi n'kumati, "Abusa athu ndi odzichepetsa." Ine n'kumalandira matamandowo osachita manyazi. Kenako ndinagula loko. Ndinawauza a Esinati kuti ndikuopa angatuluke n'kukagwera pachitsime. Sizinali zoona. Ndinkaopa kuti wina angalowe. Ndikamapita kukalalikira, ndinkakiya chitseko kunja, kiyi m'thumba la jekete, Baibulo kukhwapa. Miyezi inayi, abale. Miyezi inayi.

M'nyumbamo tinasiya kulankhulana. Iwo ankakhala kuseri kwa katani, kumvetsera amayi akudutsa popita kumjigo. Tsiku lina anangoti, "Onsewo ndimawadziwa ndi kaseko kawo." Nanenso ndinali ndekha. Ndinkabwera kumisonkhano ngati uno kuno ku Balaka, ena a inu n'kundifunsa kuti utumiki ukuyenda bwanji. Ndinkati, "Mwa chisomo, abusa." Mumtima ndikulira. Panalibe munthu mmodzi, ngakhale mmodzi, amene ndinamuuza.

Lamulungu lina ndinapalasa njinga kupita kunthambi ya ku Chiuta. Ndinalalikira za machiritso, ndinatuluka thukuta, anthu anaimika manja. Pobwerera masana, ndili chapatali, ndinaona anthu pabwalo panga. Chitseko chili pansi, loko akadali pomwepo. Ponseponse fungo la nsalu yopsa.

Mnansi wanga Che Amidu, Msilamu wokonza njinga, ndi amene anandichingamira. Anati, "Abusa, chitseko chanu ndathyola ndine. Akazi anu apsa. Tawatengera kuchipatala."

Chinachitika n'chakuti khitchini yathu ili kunja. Poti ndinawakiyira, a Esinati anayatsa mbaula m'nyumba kuti aphike mbatata. Matenda anawapeza pomwepo. Mkono unagwera pamakala, chitenje chinagwira moto. Mkazi wa Che Amidu, Abiti Jafali, ndi amene anamva fungo, n'kuitana amuna awo.

Kuchipatala ndinawapeza Abiti Jafali atakhala pambali pa bedi, akuwakupiza a Esinati ndi kansalu. Atandiona sanaimirire, sanandipezere mpando. Anati, "Abusa, ine si nkhosa yanu, ndiye ndilankhula. Mlongo wanga ali ndi matenda omwewa. Amamwa mapiritsi tsiku lililonse, amalima, ali ndi ana anayi. Thovu lake ndapukuta ndi manja awa zaka zonsezi, mwaona ndikugwa? Ine ndinkaona zitenje zitayanikidwa kuseri kwa nyumba yanu, ndinadziwa kuti munthu alimo. Ndinkadikira kuti munene nokha. Wobisa matenda, maliro amamuulula. Lero munatsala pang'ono."

Ine ndinayang'ana mkono wopsa wa mkazi wanga.

A Esinati anatha masiku atatu osandiyang'ana. Tsiku lachinayi anati, "Abambo, mkono uwu upola. Koma tsiku lija munauza amayi a mpingo kuti ine kulibe, ine ndili kuchipinda, ndinamva ngati mwandiika kale m'manda." Ndinagwada pambali pa bedi. Anati, "Musagwadire ine pano pamene palibe okuonani. Mukanene pamaso pa mpingo zimene munachita, ndiye ndibwerera kunyumba. Mukapanda kutero, ndipita ku Nsamala kumene munanditumiza kale ndi pakamwa."

Abale, sabata imeneyo ndinalimbana. Ndikanena, udindo upita. Ndikapanda kunena, banja lipita. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndinaziika pasikelo. Munthu wa Mulungu, kuika mkazi wake pasikelo ndi udindo. Apo m'pamene ndinaona pamene ndinafika. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, wodwala ndine."

Lamulungu ndinaima pamaso pa mpingo, ndinanena zonse. Za matenda, za bodza, za loko. Mayi mmodzi anayamba kulira. Bambo wina anatenga Baibulo lake n'kutuluka, banja lake pambuyo. M'masabata otsatira anachokanso ena. Ena anachoka chifukwa ndinanama, ndipo sindiwadandaula. Ena anachoka chifukwa amati mbusa wolephera kuchiritsa mkazi wake alibe mphamvu.

Akuluakulu a mpingo anandiimitsa miyezi itatu. Ndinkakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Tsiku lina mkulu wa mpingo, a Makwinja, anadzakhala pambali panga. Anati, "Abusa, ife tinkaona kuti mukuwonda. Kolala inkachita kugwedera pakhosi. Koma mbusa umayamba bwanji kumufunsa? Tinkaopa." Ndinati, "Nanenso ndinkaopa inu." Tinakhala pamenepo amuna awiri aimvi, tikuopana zaka zonsezi popanda chifukwa. Kuyambira pamenepo amabwera kwathu Lolemba lililonse. Sabwera ndi mlandu, sabwera ndi wodwala. Amangobwera, n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji, ndipo sachoka ndisanayankhe zoona.

Azibusa anzanga, ndikulankhula ndi inu. Sindikudziwa chimene mwakiyira kunyumba kwanu. Mwina ndi mwana amene akumwa mowa. Mwina ndi matenda. Mwina ndi kutopa chabe. Pezani munthu, mumuuze. Ine ndinadikira mpaka moto unandinenera.

Tsopano musamve kuti a Esinati anachira. Sanachire. Amamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo kugwa kunachepa kwambiri. Timapempherabe, mapiritsi ali patebulo pomwepo, ndipo sindiona kuti ziwirizi zimakangana. Mkono uli ndi chipsera, zala ziwiri sizipindika. Pamoto sakhala okha. Amayi a mpingo amasinthana kudzaphika nawo, ndipo Abiti Jafali amalowa m'nyumba mwathu osanena odi. Ubusa anandibwezera. Mpingo ndi wochepa kuposa kale, mabenchi awiri akumbuyo sakhala anthu.

Mwezi wathawu, ndili pakati pa ulaliki, ndinamva benchi ikugwa kumbali ya amayi. Anali a Esinati. Pamaso pa mpingo wonse. Chimene ndinkachiopa zaka zonsezi chinachitika masana, aliyense akuona. Ndinatseka Baibulo, ndinatsika paguwa. Pofika ine, amayi anali atawazungulira kale. Wina wawagoneka chammbali, wina waika chitenje pansi pa mutu, wina akupukuta thovu ndi dzanja lake. Palibe anathawa. Ine ndinagwada, ndinagwira dzanja lopsa lija, ndinadikira.

Atatsitsimuka anayang'ana uku ndi uku, kenako anandiyang'ana ine. Anati, "Abambo, mwamaliza kulalikira?"

Ndinati, "Iyayi."

Anati, "Pitani mukamalize. Ine ndili ndi anthu."

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo. Zikomo pondimvetsera. Amen.