A Makwerero ndi Nyale za Pachipatala

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1957, woyamba m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhula pano ndine mzime wa banjalo.

Mu 1978 anamaliza maphunziro a zamagetsi, nalembedwa ntchito yosamala nyale pachipatala. Dzina lawo lenileni linathera pomwepo, aliyense ankangoti a Makwerero. Mu 1983 anakwatira alamu athuwa, amene amati anayamba kudziwa nsapato zawo, nkhope anadzaiona atatsika pamakwerero.

Nthawi imeneyo, m'chipinda chachikulu chodikirira odwala, chopanda mawindo chija, munali nyale za sodiyamu zachikasu. Kuwala zinkawala ndithu, koma pansi pake wodwala ndi wabwinobwino ankaoneka chimodzimodzi. Mu 1996 mwana wawo wamkazi anadwala chikasu. Anakhala pamzere popanda woona kuti maso asintha mtundu, mpaka amayi ake atamutulutsa padzuwa. Mwanayo anachira, koma bambo ake mtima sunakhale pansi.

Anafufuza mpaka anapeza nyale za sodiyamu zamtundu wina, zowala moyererako, zoonetsa khungu ndi maso a munthu mmene zilili. Akuluakulu a chipatala anakana, ati nyalezo sizichedwa kupsa ndipo denga ndi lalitali. Inu mukuwadziwa achimwene anga, akagwira chinthu sankataya. Analonjeza kuti iliyonse ikapsa adzakwera okha, bola zachikasu zisabwereremo. Akuluakulu anagonja. Mu 2017 malemu anapuma pantchito, koma makwerero sanawasiye, ngakhale ife tinkawakalipira chifukwa cha mantha.

Mu 2023 anayamba kudwala mtima. Chodandaula chawo sichinali thupi ayi, chinali chakuti adzakwere ndani iwo akapita. Anatisiya pa 2 Meyi 2024.

Tamva manong'onong'o akuti zachikasu zija zibwerera. Akuluakulu a chipatala, ndikunena mwaulemu pamaso pa anthu onsewa: lero tikuika m'manda munthu, lonjezo ayi. Mwana wawo wamwamuna ndi mkamwini wawo, onse amagetsi, avomera kumakwera.

Malemu asiya mkazi, ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, anzawo akuntchito, anansi, ndi inu nonse mwabwera kudzalira nafe.

Achimwene, mtima wanga ukuwawa, koma sindikukayika. Wokwera wapezeka, inu tsikani mupumule. Mzimu wanu uuse mumtendere.