Chidani Chimene Ndinamasulira m'Chinyanja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, monire mose. Ambiri mumandidziwa kuti ndine aphunzitsi Zimba a kwa Mwase.

Ine mowa sindinaulawepo. Fodya ndimalima koma sindisuta. Tchimo langa linali kudzikuza. Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo nditapuma ntchito ndinkaona ngati mudzi wonse ndi kalasi langa. Wina akanditsutsa ndinkamuponyera mawu awiri atatu a Chingerezi, iye n'kugonja. Zinkandikoma zimenezo, ndisaname.

Mwana wathu wamkazi, Tiwonge, anapita ku Ulaya kukagwira ntchito yosamala okalamba. Anatitumizira foni yapamwamba kuti tiziona nkhope yake. Ine ndinaipezera ntchito ina.

M'fonimo munayamba kubwera mavidiyo a andale a kumeneko. Azibambo a masuti, mbendera kumbuyo, khamu likuwomba m'manja. Ankanena kuti mavuto onse a padziko akuchokera kwa Ayuda. Chaka chimenecho ogula fodya anatinyoza, feteleza anafika chimanga chitafiira kale, ndipo mtima wanga unkafuna munthu womuloza chala. Azungu aja anandipatsa womulozayo.

Tsono ndinayamba kumasulira. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kujambula mawu anga m'Chinyanja, pena m'Chitumbuka, ndikuwonjezera ndi zanga zomwe. Ndinkatumiza pa gulu la pa foni la alimi, ngakhale pa gulu la amuna a mpingo uno. Ena mwa inu munkandiyankha kuti, "Aphunzitsi, mwatitsegula maso." Ha! Mutu unkangokula.

Ndikuuzeni kupusa kwanga. Ine ndinkayesa kuti Ayuda ndi anthu a m'Malemba basi. Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera ndine ndinkakonza sewero lija la imfa ya Yesu, kuwaveka anzanga nsalu zoyera ndi ndevu za thonje kuti azifuula mokwiya. Myuda kwa ine anali ameneyo. Sindinaganizepo kuti pali Myuda wamoyo lero, wodwala mawondo, womwa tiyi m'mawa. Choncho pomasulira sindinkamva kuti ndikulasa munthu.

Sindinamufunsepo Tiwonge kuti amasamala ndani. Ndinkangoti, "Nkhalamba yako yachizungu ili bwanji?" Iye n'kuyankha mwachidule.

Lachitatu lina masana ndinali m'chigafa, ndikusankha fodya. Foni inalira, ya vidiyo. Tiwonge anali atakhala pansi, msana utatsamira khoma, akunong'ona. Kumbuyo kwake kunkamveka khamu likuimba ndi kumenya zitseko. Kenako galasi linasweka, phwaa!

"Adada, musayankhule, ingoonani."

Anakweza foni pa zenera pang'ono. Msewu unali wodzaza anthu. Mbendera zawo ndinazizindikira nthawi yomweyo, zinali zomwe zija za m'mavidiyo anga. Kenako anatembenuza foni. Pambali pake panali mayi wokalamba, wochepa thupi, tsitsi lili mbuu, atagwira dzanja la mwana wanga ndi manja onse awiri.

"Awa ndi Mayi Rute, amene ndimawasamala. Ndi Myuda, Adada. Pachitseko chawo alembapo zonyoza ndi penti. Ine atandiona pa zenera, anthu a mumsewuwa ayamba kulira ngati anyani. Mawu anu aja ananditumizira a malume, ndinawamva onse. Anthu amene mumawamasulira ndi awa ali panjawa."

Foni inaduka.

Abale, ndinaimba. Ndinaimbanso. Osayankha. Ndinakwera pa chulu ngati vuto ndi netiweki, pomwe netiweki inali yodzaza. Mayi a kunyumba, a Nyabanda, nditawafotokozera anangokhala pansi pa fumbi. Sanalire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndi Chingerezi chanu chonse chija, simunamve kuti anthu amenewo sakutifuna ndi ife omwe?"

Ndinamva, abale. M'mavidiyo omwewo ankanenanso za anthu akuda obwera m'maiko awo, kuti achoke. Pamenepo ndinkadumpha, osamasulira, chifukwa pankawononga nkhani yanga. Ndinkadziwa bwinobwino kuti mwana wanga ndi mmodzi wa akudawo.

Masiku awiri tinakhala osamva kanthu. Njinga ikaima pabwalo, mtima unkati phaa, poganiza kuti wabwera wonena za maliro. Kupemphera ndinayesa, mawu osatuluka. Ndikanayamba bwanji? Yesu amene ndinkafuna kumupempha anabadwa kwa mayi wachiyuda, anakulira m'nyumba ya Ayuda. Zimenezo ndinaziwerenga pa guwa lino kambirimbiri, koma sizinalowe.

Lachisanu m'mawa ndinagwada m'chigafa momwemo, pakati pa fodya. Ndinati, "Ambuye Yesu, ndanyoza abale anu ndi pakamwa pomwe ndimakuimbirani. Mwana sanalakwe. Wolakwa ndine." Ndinalira mokweza, ine amene sindinalire pa maliro a bambo anga. A Nyabanda anandipeza ndili choncho, nawonso anagwada.

Dzuwa litakwera uthenga wa Tiwonge unafika kuchokera pa nambala yachilendo. Anali amoyo onse awiri. Apolisi anabalalitsa khamulo n'kutengera awiriwo kwa mwana wa Mayi Rute ku tauni ina, ndipo foni ya Tiwonge inasweka pa chipwirikiticho. Analemba kuti pamene chitseko chinkagwedezeka, Mayi Rute, amene amayenda ndi ndodo, anamukankhira m'bafa n'kuima okha pakhomo la bafalo. Munthu amene ndinkamunamizira kwa alimi a kwa Mwase ndiye anatchinga mwana wanga.

Ndinamupempha Tiwonge kuti abwerere kuno. Anakana. Anati sangawasiye Mayi Rute okha. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Anati, "Ndamva, Adada." Mpaka lero sanawonjezerepo mawu ena. Akaimba amandipatsa moni mwaulemu, kenako amafunsa amayi ake. Zimandipweteka, koma sindidandaula, ndinazifuna ndekha.

Mulungu anandikhululukira, ndikudziwa, chifukwa mkwiyo uja umene ndinkadzuka nawo unachoka. Mavidiyo ndinafufuta. Ndayenda pa njinga kwa alimi anzanga mmodzimmodzi kukawauza kuti ndinawanamiza. Koma mawu aja akuyendabe. Sabata yatha pa Msika wa Lundazi ndinamva liwu langa likutuluka m'foni ya bambo wina wogulitsa mtedza, munthu amene sindimudziwa. Anthu atamuzungulira, akugwedeza mitu. Ndinati, "Bambo, wolankhulayo ndine, ndipo ndi bodza lokhalokha." Anandiseka. Anati aphunzitsi a m'fonimo ndi anzeru kuposa ine, ndisamadzinamize.

Pano Tiwonge ndi Mayi Rute anabwerera m'nyumba ija. Chitseko anachipaka penti ina. Kumeneko chisankho chayandikira, ndipo Tiwonge amauza amayi ake kuti chipani cha mbendera zija chikukula. Akamapita kogula mankhwala a Mayi Rute amayenda akucheukacheuka.

Komabe ndikutamanda Mulungu. Anandigwira ndisanaike mwana wanga m'manda. Anandithyola khosi louma lija ndili moyo. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Tsono ndikukupemphani, inu amene munkandiyamikira. Tulutsani mafoni anu pompano, abusa alola. Ngati muli ndi mawu anga aja, fufutani. Amene munawatumizira, muwauze kuti aphunzitsi Zimba ananama, dzina langa musalibise. Ngati mumtima mwanu mwakhazikika chidani ndi anthu amene simunawaonepo, bwerani kutsogolo kuno, Yesu amachotsa, wachotsa changa. Ndipo musandisiye ndigwade ndekha. Bwerani tiwapempherere awiri aja powatchula maina, Tiwonge ndi Mayi Rute, chifukwa pamene ife tikuimba muno, iwo ali kuseri kwa chitseko chokhoma, akumvetsera za mumsewu.