Mayi Doreen Kivela ndi Chimbale Chawo Chachiwiri

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno ku Hancock, m'banja la bambo ndi mayi Maki. Ali ku sekondale anadziwana ndi a Glenn Pascoe, omwe akhala kutsogoloku. A Pascoe ankaimba gitala wamagetsi, malemu gitala wamba, ndipo mawu awo ankalukana ngati a anthu obadwa bere limodzi.

Mu 1974 awiriwa anapita ku Detroit kukajambula chimbale. Chinatuluka, mawailesi anachikonda, tonse tinkati anzathuwa apita patali. Koma atabwerako anasiya kuimbira limodzi, ngakhale moni weniweniyo sankapatsana. Kodi chinachitika n'chiyani mu situdiyo muja? Abale tinafunsa mpaka kutopa. Malemu ankangoseka n'kuti, "Kam'funseni wa gitala waphokosoyo." A Pascoe nawo ankatibweza kwa malemu. Mpaka lero sitikudziwa.

Mu 1978 anakwatiwa ndi bambo Arvid Kivela, omwe anatsogola mu 2015. Mayi Kivela anagwira ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu mpaka kupuma, ndipo omwe anakwerapo akuti ankaimba njira yonse, kuzizire kusazizire.

Chaka chatha madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Tsiku lomwelo malemu, mwana wawo Karin akumva, anaimbira foni a Pascoe. Anati, "Nkhalamba iwe, zala zikugwirabe? Ine mpweya ukutha. Tiye tikajambule china." Kutacha, a Pascoe anali pakhomo, gitala m'manja.

Anajambula nyengo yonse yachisanu, malemu akupumira makina a mpweya pakati pa nyimbo. Mbali yawo yonse anaimaliza. Anatisiya pa 11 Febuluwale kunyumba kwawo.

Dzulo a Pascoe atiuza kuti pa nyimbo yomaliza sanaikepobe mawu awo. Akuti akangomva malemu m'zojambulidwazo akukoka mpweya kuti ayambe, iwo amalephera kuimba. Bambo Pascoe, banja likuti musafulumire. Tidikira.

Malemu asiya ana awiri, Karin ndi Neil, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo a Eino Maki. Tikuthokoza anamwino omwe ankabwera kunyumba, amayi a mpingo omwe sanatisiye ndi njala, ndi mwini situdiyo amene ankanyamula mpando wa malemu pa masitepe.

Mayi Kivela, mwaimba mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.